TIYENDERE NSANJA MADZI ASANAFIKE PA MAZIKO

Mlimi wa kachewere wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, akamva kuti nyuzipepala ya Chipani ikulemba za nsanja zounikira zombo, angathe kufunsa kuti nkhani imeneyi ikumukhudza bwanji iye amene amakhala pamwamba pa mapiri a Kirk, kumene kulibe doko ngakhale bwato, ndipo madzi amene amawadziwa ndi a mvula ndi a m'mitsinje. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo ife tayamba nalo dala. Pakuti ngati munthu wa ku Tsangano angamvetse chifukwa chake nyali ya pa gombe iyenera kusamalidwa, ndiye kuti palibe mtsogoleri wa Chipani kapena wogwira ntchito m'Boma, kuli konse m'dziko muno, amene anganene kuti iye siikumukhudza.

Feteleza amene mlimi ameneyu amathira m'munda mwake sapangidwa ku Ntcheu. Wambiri amabwera pa sitima za pamadzi kuchokera ku maiko akutali, natsitsidwa pa madoko a anzathu monga Beira ndi Nacala ku Mozambique, ndipo kuchokera kumeneko amafika kuno pa magalimoto ndi pa njanji. Chimodzimodzi mafuta a lole imene imanyamula matumba ake a kachewere kupita nawo ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Pa gombe la Beira, pa malo otchedwa Macuti, pali nsanja ya nyali imene inamangidwa m'chaka cha 1904, yotalika mamita 28, yopakidwa utoto wofiira ndi woyera. Kwa zaka zoposa 100 oyendetsa zombo akhala akuiyang'ana pofunafuna khomo la doko limenelo. Katundu wa dziko lino wakhala akudutsa pamaso pa nsanja imeneyi kuyambira masiku a makolo athu, makamaka kuchokera mu 1935 pamene mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, njanji yathu nilumikizana ndi Beira popanda kuwolotsa katundu pa madzi.

Mdani wa nsanja ya Macuti ndi nyanja yomwe imene iyo imaunikira. Mzinda wa Beira unamangidwa pa malo otsika, pa mchenga, ndipo mafunde akhala akudya gombe lake chaka ndi chaka. Pofuna kugwira mchenga kuti usathawe, anthu a kumeneko anamanga zipupa zoloza m'nyanja m'mbali mwa gombe lonselo. Patsogolo pa nsanjayo pagonanso chigoba cha sitima yakale chodyeka ndi dzimbiri, chimene eni mzindawo amati chinaikidwapo dala kuti mafunde aziyamba aswekera pa icho asanafike pa maziko. M'mwezi wa March 2019 namondwe wa Idai anatulukira pa mtunda pafupi ndi mzinda womwewu, naononga nyumba, misewu ndi mbali zina za gombe. Aliyense amene anaona zimenezo anazindikira kuti chinthu chomangidwa pafupi ndi madzi chimakhala pa mlandu ndi madziwo masiku onse a moyo wake.

Maiko ena anakumana ndi vuto lomweli, ndipo mmene analithetsera muli phunziro kwa ife. Ku America, nsanja ya Cape Hatteras inayamba kuunika mu 1870 iri pa mtunda wa mamita oposa 450 kuchokera ku madzi. Patapita zaka 100, mtundawo unali utatsala mamita osakwana 40. Mu 1999 anainyamula yathunthu, naikankha pang'ono-pang'ono pa njanji kwa masiku 23 mpaka kuikhazika pa malo atsopano, mamita 880 kuchokera pamene inali. Ku Denmark, nsanja ya Rubjerg Knude, ya m'chaka cha 1900, inasunthidwa mamita 70 mu October 2019 chifukwa phompho la m'mbali mwa nyanja linali litaiyandikira. Ku England, nsanja ya Orfordness, yomangidwa mu 1792, sinapulumuke. Inazimitsidwa mu 2013 ndipo inagwetsedwa mu 2020. Koma ngakhale kumeneko zinthu zinachitika mwadongosolo: asanaizimitse anawonjezera mphamvu ya nyali ya ku Southwold kuti zombo zisasowe chozitsogolera, ndipo zipangizo zake za mbiri anazichotsamo nazisunga.

Ena akawerenga nkhani zimenezi amangogoma ndi makina ndi ndalama za maiko olemera. Ife tikuona china. Pa malo onse atatuwa panali anthu amene kwa zaka zambiri ankapita kukayeza mtunda wa pakati pa madzi ndi maziko, nalemba m'buku, nauza akuluakulu awo zoona. Nchifukwa chake tsiku loweruza litafika, anadziwa chochita ndipo anali ndi nthawi yochichitira. Ntchito ya kuyeza ndi kulemba siifuna dziko lolemera. Imafuna munthu wokhulupirika amene ali ndi chingwe choyezera, buku ndi cholembera.

Tsopano tibwerere kwathu. Dziko la Malawi liribe nyanja ya mchere, koma liri ndi nyanja yaikulu imene kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe ndiwo msewu wawo. Nyali ndi zizindikiro zotsogolera zombo pa nyanja yathu nzazing'ono poyerekeza ndi nsanja ya Macuti, koma ntchito yake ndi imodzimodzi. Sitima ya Ilala, imene inayamba kutumikira dziko lino mu 1951, yakhala ikuyenda usana ndi usiku pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Asodzi a usipa amalowa pa madzi dzuwa litalowa ndi kubwerera m'bandakucha. Ngakhale masiku ano zombo zina ziri ndi makina osonyeza njira, makina amafa ndipo batire imatha, komanso mabwato ambiri a anthu wamba alibe makinawo. Chimene chimatsala mu mdima ndi diso la woyendetsa ndi nyali imene iri pa mtunda.

Nyanja yathu si dziwe loseweramo ana. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Chikumbutso chawo chiri ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya koloko imene inamangidwa mu 1903 m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Pomwepo palinso mfuti yaikulu ya sitima ya Gwendolen, imene mu 1914 inawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yomweyi. Wogwira ntchito m'Boma aliyense amene udindo wake umakhudza za pamadzi akadutsa pa malo amenewa ayenera kuima pang'ono ndi kuwerenga nambala imeneyo.

Chimene ambiri amaiwala nchakuti nyanja ya Malawi siikhala pamodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 inaphwera kotero kuti madzi analeka kutulukira mu Shire, ndipo malo amene kale anali madzi anasanduka minda. Kenaka inabwerera. Mu 1980 inakwera kuposa mmene inayamba yalembedwera. M'zaka zina za pambuyo pake inatsikanso mpaka zombo zazikulu zinavutika kukocheza pa Chipoka, ndipo anthu, poona mchenga wambiri, anamanga nyumba ndi malo ogona alendo pafupi ndi madzi. Mu 2024 nyanja inakweranso kwambiri, nilowa m'nyumba ndi m'mahotela m'maboma a Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Anthu ena anapempha kuti zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965, zitsegulidwe zonse. Koma madzi otulutsidwa pa Liwonde sathera mu mlengalenga: amapita ku malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi ku midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Choncho sitingayembekezere kuti zitseko za pa Liwonde zitipulumutsire chiri chonse chimene tinamanga pa gombe.

Nkofunika kuti atsogoleri athu amvetse mmene gombe limadyekera, kuti akamalankhula kwa anthu azilankhula zomveka. Nyanja imafika pachimake pa kudzaza kwake cha mu April ndi May, mvula itatha, ndipo imatsika kwambiri cha mu November ndi December. Tsoka lake nlakuti nthawi imene madzi ali pamwamba ndi yomwenso mphepo ya mwera imayamba kuomba kuchokera kum'mwera, nipitirira miyezi yonse yozizira. Mafunde a mwera amamenya m'munsi mwa gombe, nakumba mphako, dothi la pamwamba niligwera m'madzi. Mchenga umene wachoka pamenepo umayenda m'mbali mwa gombe kutsata mphepo. Chipilala kapena khoma likhoza kuoneka lolimba pamwamba pamene pansi pake patsala mphako yokhayokha. Ndipo ife tomwe timawathandiza mafundewo. Timadula bango limene linkaswa mphamvu yawo, timagwetsa mitengo imene mizu yake inkagwira nthaka, timakumba mchenga wa pa gombe kukagulitsa kwa omanga nyumba, ndipo wina akamanga khoma loteteza malo ake okha, mafunde amangolambalala nakalusira malo a mnansi wake.

Zimene ziri pa ngozi si nyali zokha. M'mphepete mwa nyanja muli mbiri yathu yambiri. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni amene anafika mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894. Ku Nkhotakota kuli malo otikumbutsa za malonda oipa a ukapolo a m'masiku a Jumbe. Kulinso madoko akale, matchalitchi, mizikiti ndi manda a makolo a anthu a m'midzi ya m'mphepetemo. Malamulo otetezera zonsezi alipo kale: la Monuments and Relics Act la 1990 loteteza zinthu zakale, la Inland Waters Shipping Act la 1995 loona za maulendo a pamadzi, ndi la Water Resources Act la 2013 loyang'anira madzi a dziko lino. Sitikusowa lamulo latsopano. Chimene tikupempha nchakuti malamulo amenewa atuluke m'makabati, apite ku gombe.

Kodi kuyendera nsanja kapena chikumbutso kumatanthauza chiyani? Tikufuna kunena momveka bwino kuti pasakhale wonamizira kusadziwa.

Choyamba, pa malo ali onse pakhomedwe chikhomo cha simenti kumtunda, kumene madzi safika, ndipo mtunda wochokera pa chikhomocho kufika pamene gombe lathera uziyezedwa kawiri pa chaka: mu May madzi atadzaza, ndi mu December madzi atatsika. Nambala ya chaka chimodzi siinena kanthu, koma manambala a zaka zisanu oikidwa pamodzi amaonetsa liwiro limene madzi akubwerera, ndipo mwana wa sukulu angathe kuwerengera zaka zimene zatsala.

Chachiwiri, woyendera atsike aone maziko ndi maso ake pa nthawi imene madzi aphwera. Apise ndodo pansi pake aone ngati pali mphako. Akapeza mng'alu pa khoma, alembe chizindikiro ndi tsiku pamene mng'aluwo wathera, kuti ulendo wotsatira adziwe ngati wakula. Alendeweretse chingwe chokhala ndi kachitsulo kuchokera pamwamba aone ngati nsanja yayamba kupendekera ku madzi.

Chachitatu, akwere pamwamba aone zitsulo, makwerero, galasi, mabatire ndi zokolera mphamvu ya dzuwa. Ndipo asachoke dzuwa lisanalowe. Nyali imayesedwa usiku, ndipo mboni yake yeniyeni ndi msodzi kapena woyendetsa sitima amene amaiona ali pa madzi. Woyendera amene sanafunse anthu amenewa sanamalize ntchito yake.

Chachinayi, zonse zilembedwe m'buku limodzi losungidwa pa ofesi ya Bwanamkubwa wa boma limenelo, ndi dzina la woyendera, tsiku ndi zithunzi, kuti wogwira ntchito akasamutsidwa, wolowa m'malo mwake asayambirenso pa chiyambi.

Apa tiyenera kunena mau owawa, pakuti Chipani chimene chimaopa kudzudzula ana ake chimadzikumbira chokha dzenje. Pali ena pakati pathu amene ulendo wokayendera ntchito amauona ngati njira yopezera alawansi. Amafika pa boma, nasaina, nadya chambo, nabwerera osaponda mchenga, ndipo lipoti amalilembera pa desiki potengera la chaka chatha. Palinso chizolowezi china chopaka laimu ndi utoto pa chinthu chiri chonse pakamveka kuti kukubwera mlendo wolemekezeka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto sugwira maziko. Wogwira ntchito amene walemba kuti zonse ziri bwino pamene sanapiteko wanamiza Boma limene limamulipira, ndipo tsiku limene bwato lodzaza amayi ndi ana lidzagunde mwala chifukwa nyali inazima miyezi itatu yapitayo, siginecha yake idzakhala pa pepala limene linabisa ngoziyo. Nawonso akuluakulu a m'maofesi aphunzire kulandira lipoti loipa ndi manja awiri. Ngati wachinyamata amene wanena zoona akalipiridwa, anzake onse adzaphunzira kunama.

Atsogoleri a Chipani m'mabulanchi, m'madera ndi m'maboma a m'mphepete mwa nyanja ali ndi gawo lawo. Iwo amakhala pa malopo tsiku ndi tsiku pamene woyendera amabwera kawiri pa chaka. Akaona nyali yazima, gombe lagumuka kapena wina akuzula zipangizo, auze mfumu, komiti ya asodzi ya pa gombepo ndi ofesi ya Bwanamkubwa tsiku lomwelo, ndipo atsatire mpaka yankho libwere. Tikuchenjezanso kuti khadi la Chipani si chilolezo chokumbira mchenga pa gombe kapena chomangira pa malo oletsedwa. Mtsogoleri amene ateteza wolakwa chifukwa ndi mnzake wa m'Chipani akunyozetsa Chipanicho pamaso pa anthu amene chimawatumikira.

Tikudziwa kuti ena adzati dziko liri ndi mavuto aakulu, zipatala zikufuna mankhwala, alimi akufuna feteleza, nanga bwanji kutaya ndalama pa nyali ndi zipilala zakale? Tikuvomera kuti ndalama nzochepa, ndipo ndicho chifukwa chake tikulimbikira za kuyendera. Chikhomo cha simenti, chingwe ndi buku mtengo wake sufika pa mtengo wa tayala limodzi la galimoto ya Boma. Kubzala bango ndi mitengo pa gombe ndi ntchito imene mudzi ungathe kuigwira wokha modzithandiza. Kuika miyala m'madengu a waya patsogolo pa maziko kumafuna ndalama, koma zosafanana ndi zomangira doko latsopano lakale litagwa. Amene achedwa ndiye amalipira zambiri, ndipo nthawi zina salipira ndi ndalama zokha.

Ena adzati zambiri mwa zinthu zimenezi ndi za atsamunda, zisiyeni zigwe. Koma njerwa zake anaumba ndani, ndipo miyala yake anasenza ndani? Ndi agogo athu. Ambiri mwa anthu 145 a mu Vipya anali anthu akuda anzathu amene anali m'zipinda za pansi. Mtundu umene wapeza ufulu susankha masamba a mbiri yake kuti ena uwataye m'madzi. Umasunga zonse kuti ana aone kumene tinachokera, zokoma ndi zowawa zomwe.

Sitikunena kuti chiri chonse chingathe kupulumutsidwa pa malo pamene chiri. Padzakhala malo ena pamene manambala adzaonetsa kuti madzi apambana. Pamenepo nzeru ndi kusamutsa nyali kupita nayo kumtunda nthawi ikadalipo, kujambula ndi kulemba zonse za chinthu chakalecho, ndi kutenga zimene zingatengeke kukazisunga ku nyumba yosungira zakale monga ya ku Mangochi. Kugonja kotere kulibe manyazi, chifukwa kwachitika ndi maso otsegula. Chamanyazi ndi kudzuka m'mawa ndi kumva kwa asodzi kuti chipilala chinagwa usiku, fayilo yake ikunena kuti chiri bwino.

Tibwerere kwa mlimi wathu wa ku Tsangano. Iye nkhani iyi akuidziwa kuposa ambiri a m'tauni, ngakhale sanaonepo nsanja ya nyali. Amadziwa kuti chigwembe chimene lero chingameze ng'ombe chinayamba ngati kanjira ka madzi kosakwana chikhatho, ndipo akadachitseka ndi miyala iwiri ndi udzu wa vetiva chaka choyamba, munda wake ukadakhala wathunthu. Amadziwa kuti mlimi wanzeru amayendera akalozera ake mvula yoyamba ikangogwa, osadikira kuti mnansi adzamuuze kuti mizere yapita. Ndipo dothi limene limachoka m'mapiri amenewo silitayika: mitsinje monga Lisungwi ndi Rivirivi imalitengera ku Shire, kumene matope amavutitsa makina opangira magetsi a dziko lonse. Wa kumapiri ndi wa kunyanja akulimbana ndi madzi amodzimodzi, ndipo chida chawo choyamba ndi chimodzi: kupita kukaona msanga.

Pachifukwa chimenechi tikupempha Nthambi ya Boma yoona za maulendo a pamadzi, Nthambi yoona za zinthu zakale ndi Abwanamkubwa a maboma onse a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi pamodzi ndi Likoma, kuti akhale pansi alembe mndandanda umodzi wa nyali, madoko ndi zikumbutso zonse zimene ziri pafupi ndi madzi, ndipo pa chiri chonse alembepo dzina la munthu amene adzayankhe za icho. Zikhomo zikhomedwe December asanathe, madzi akadali pansi, kuti pofika May nambala yachiwiri idzalembedwe pansi pa yoyamba. Nyuzipepala ino idzafunsa za manambala amenewo, boma ndi boma, ndipo idzawasindikiza pa tsamba lino kuti anthu onse adziwe amene anapita ku gombe ndi amene anakhala pa mpando.